Kuitanitsa katundu: masamu a pa Excel kapena AI?

M'nyumba iliyonse yosungiramo katundu funso limakhala lomwelo: tiitanitse liti, ndipo wochuluka bwanji?

Njira yakale ndi masamu wamba a pa Excel, pulogalamu ya pa kompyuta yowerengera manambala. Ngati mumagulitsa makatoni 40 patsiku ndipo katundu amatenga masiku 7 kuti afike, chulukitsani 40 ndi 7, n'kuwonjezerapo makatoni 80 odikirira zadzidzidzi. Akatsala 360, itanitsani. Njirayi siidya ndalama, ndipo pakalakwika aliyense amaona msanga. Kufooka kwake n'kwakuti imatenga mawa ngati dzulo.

AI, pulogalamu ya pa kompyuta yophunzira yokha kuchokera ku mbiri ya malonda, imayang'ana zambiri nthawi imodzi: tsiku la sabata, nyengo, kutsika kwa mitengo, kuchedwa kwa sitima padoko, ndipo imalosera mtundu uliwonse wa katundu pawokha. Koma kuti izindikire kusintha kwa nyengo imafuna mbiri ya malonda ya zaka ziwiri kapena kuposerapo, yolembedwa bwino. Ambiri amagwera apa. Katundu akatha pashelefu, kompyuta imalemba ziro pa zogulitsidwa, AI n'kuwerenga ziroyo ngati kuti ogula sakumufuna, kenako imaitanitsa wochepa kwambiri. Masiku oterewa aikidwe chizindikiro musanaiphunzitse. Nambala yozindikirira katundu ikasinthidwa, mbiri yakenso imaduka. Mu 2020, COVID-19 itasintha kagulidwe ka anthu, zolosera zambiri zinasokonekera chifukwa zinaphunzira pa zaka zabata.

Ngati mitundu ya katundu ndi yochepa ndipo imayenda mofanana, Excel ndi yokwanira. Ikafika masauzande, kapena katunduyo ndi wosachedwa kuwonongeka, AI imapambana, bola wina aziyerekeza zolosera ndi zogulitsidwa sabata iliyonse.