Penti wa chitini chimodzi kapena wa 2K: woyenera boti lakale ndi uti?

Boti likayamba kutuwa, n'kumasiya ufa woyera m'manja mukalisisita, maso amathamangira chitini chimene chikulonjeza kuwala kwambiri. Musafulumire kugula. Penti woyenera amasankhidwa ndi zinthu ziwiri zimene zili kale pabotipo: chimene thupi lake linapangidwira, ndi penti amene anapakidwapo kale. Mukazidziwa ziwirizi, mkangano wa penti wabwino ndi uti watha theka.

Tiyambe ndi m'mbali mwa boti, kumtunda kwa pamene madzi amalekezera. Penti wopaka ndi manja pamenepa alipo wa magulu awiri. Gulu loyamba ndi la chitini chimodzi: mumatsegula, kutakasa, n'kupaka. M'gululi muli enamelo wamafuta wa alkyd, komanso yemweyo atalimbitsidwa ndi silikoni kapena polyurethane, monga International Toplac ndi Epifanes Mono-urethane. Onsewa amauma thina (mankhwala osungunulira penti) akauluka, kenako n'kumalimba pang'onopang'ono pokoka mpweya. Gulu lachiwiri ndi la 2K, penti wa zitini ziwiri amene salimba mpaka mutamusakaniza ndi hadena (mankhwala omulimbitsa), monga International Perfection, Epifanes Poly-urethane ndi Awlgrip. Uyu akalimba amakhala ngati khungu la pulasitiki: sakandika msanga, saopa petulo kapena dizilo, ndipo kuwala kwake kumatha kupirira dzuwa nthawi yoposa kawiri ya wa chitini chimodzi, amene kawirikawiri amafuna koti yatsopano, kutanthauza kupakidwanso, pakatha zaka 2 kapena 3.

Pongomva zimenezi aliyense angasankhe 2K. Vuto lake ndi thina wamphamvu amene ali m'kati mwake. Mukamupaka pamwamba pa enamelo wakale, thinayo amalowa pansi n'kufewetsa penti wakaleyo, ndipo pasanathe ola mbali yonse imachita makwinya ngati khungu la nkhalamba, kwinaku ikutukumuka. Palibe chokonza pamenepo koma kupala zonse. Penti wa chitini chimodzi alibe khalidwe limeneli: amagwira pa enamelo wakale, pa 2K wakale, ngakhale pa gelcoat, khungu losalala lakunja kwa boti la faiba, bola pakwechedwe bwino.

Ndiye yesani kaye. Nyowetsani kansalu ka thonje ndi thina wa 2K kapena asetoni, kaikeni pamalo osaonekera, kaphimbeni ndi kapulasitiki n'kumata tepi kuti thina asauluke. Pakatha mphindi 10 mpaka 15 chotsani. Penti akafewa, akanata kapena kuchita makwinya, ndi wa chitini chimodzi. Akakhala gwa, ndi 2K kapena gelcoat. Yesani malo atatu kapena anayi, chifukwa boti lakale limakhala ndi zigamba za penti wosiyanasiyana. Kenako yesani ngati wakaleyo akugwirabe: dulani ndi lezala mizere yopingasana ngati sefa, motalikirana mamilimita 2 kapena 3, matanipo tepi yamphamvu, muitsindire ndi chala, muikoke mwadzidzidzi. Timabokosi tikatsatira tepi, penti ameneyo ndi wochotsa, ngakhale akuoneka bwino ndi maso. Penti watsopano sangalimbe kuposa chimene wagonapo.

Pa boti la matabwa olumikiza limodzilimodzi, yankho ndi la chitini chimodzi basi, ndipo apa sitikayika n'komwe. Thabwa limafufuma likamwa madzi, limanyala likauma, ndipo m'mizere mmene matabwa akumana mumasuntha chaka chonse. Enamelo ndi wofewa, amatsatira kusunthako. 2K ndi wouma mtima, amang'ambika motsatira mzere uliwonse, madzi n'kulowa m'mng'alumo, n'kutsekeredwa pansi pa khungu losapuma. Kuola kumayambira pomwepo, kunja kukuwalabe. Pa thabwa losapentedwa, koti yoyamba ya pulaima (penti woyambira wapansi) muisungunule ndi thina, mwina magawo 10 mpaka 20 pa 100 malinga ndi zolembedwa pachitini, kuti ilowe m'thabwa m'malo mongokhala pamwamba. Thabwalo likhale louma ndithu. Lonyowa limakankha penti ndi matuza dzuwa likangowomba.

Boti la faiba, la chitsulo, la aluminiyamu, kapena la pulayiwudi yokutidwa ndi epokisi (guluu wolimba wosalowa madzi) ndi nsalu ya faiba silisuntha chotero, ndiye 2K amakhalapo bwino, ngati mwatsika mpaka pa gelcoat kapena pachitsulo chenicheni, kapena ngati wakale ndi 2K wogwira bwino. Pa faiba pali msampha umodzi umene umagwira anthu ambiri: phula ndi polishi. Mukayamba ndi sandipepa musanatsuke, mumakanikizira phulalo m'timikwingwirima ta sandipepayo, ndipo penti akafikapo amathawa n'kusiya timaenje tozungulira ngati maso a nsomba. Tsukani kaye ndi sopo ndi madzi, kenako mankhwala ochotsa phula ndi nsalu ziwiri, ina yonyowa yopakira, ina youma yopukutira zisanaume, mukusintha nsalu pafupipafupi. Sandipepa ibwere pambuyo. Pa aluminiyamu ndi chitsulo, pulaima wa epokisi apakidwe tsiku lomwelo mwakwecha, makamaka pasanathe maola ochepa, chifukwa chitsulo chimayamba dzimbiri ndipo aluminiyamu imapanga kakhungu kosaoneka kamene penti sagwirapo. Burashi ya waya wachitsulo isayandikire aluminiyamu: tizidutswa take timatsalira n'kuyambitsa kudyeka.

Wina angafunse chifukwa chosangopaka epokisi yekha, popeza ndi wolimba ndipo madzi salowa. Epokisi ndi wapansi. Dzuwa limamuwononga, amasanduka wachikasu n'kuyamba ufa pakangopita miyezi. Amafuna penti wina pamwamba pake. Ndiponso ena akamauma kunja kuli chinyezi amatulutsa kamafuta koterera pamwamba. Kameneka kamachoka ndi madzi ndi siponji yokhakhala, thina sakachotsa.

Kuchotsa penti wakale nakonso kuli ndi njira zopikisana, koma apa nkhani ndi yaifupi. Pa matabwa, makina opemerera mpweya wotentha ndi chopalira chakuthwa ndiwo achangu. Pa faiba moto ndi kutentha ayi, zimawononga gelcoat. Gwiritsani sandipepa ya nambala 80 kapena mankhwala osungunula penti olembedwa kuti ndi a faiba, chifukwa wamba amadya gelcoat yomwe. Boti lakale kwambiri lingakhale ndi penti wa mtovu pansi pa makoti ena, choncho fumbi lake musalipume, ndipo yalani chinsalu pansi kuti zopalidwa zisalowe m'dothi. Zikachoka, tsekani maenje ndi fila (phala lomatira) ya epokisi, salazani ndi sandipepa ya 120, kenako 180 kapena 220 musanapake pulaima. Pakati pa makoti a penti womaliza, 320 kapena 400. Yendetsani chikhatho mutatsinzina: chimene dzanja lamva, penti wowala adzachionetsa kawiri, ndipo 2K ndiye saphimba kanthu.

Kapakidwe kake ndi kamodzi kwa onse awiri, koma kupirira kwawo n'kosiyana. Pakhale anthu awiri. Woyamba ali ndi rola yaing'ono ya siponji yolimba, ya masentimita 10, akupaka kachigawo kosaposa theka la mita m'lifupi, mopyapyala. Wachiwiri akutsatira pomwepo ndi burashi yofewa, youma pang'ono, akungokhudza ndi nsonga zake kuchokera kumtunda kutsika pansi kuti aphwanye thovu limene rola yasiya. Akadutsa kamodzi kapena kawiri, basi, apite kutsogolo. Kubwerera pamalo poyamba kunata ndiko kumasiya mizere ya burashi. Kachigawo kotsatira kalowe pang'ono m'mphepete mwa koyamba m'mphepetemo mukadali monyowa, ndipo musaime mpaka mutafika pakona, kumphuno kapena kumbuyo kwa boti.

Ndi enamelo, mphepete imakhala yonyowa kwa kanthawi, ndipo mukalakwitsa mawa mukwecha n'kubwereza. Ndi 2K nthawi ndi yochepa. Muyeze hadena ndendende, ambiri ndi magawo 2 a penti pa gawo limodzi la hadena, koma werengani ngati akunena za kulemera kapena za kuchuluka m'kapu, chifukwa si chimodzi. Hadena akachepa penti salimba, akachuluka amakhala wosachedwa kusweka. Mukasakaniza muli ndi maola ochepa okha asanalimbe m'kapu momwemo, ndipo kukatentha amachepera. Sakanizani wokwanira mbali imodzi. Rola ikhale yolembedwa kuti imapirira 2K, apo ayi siponji imafufuma n'kunyenyeka pa boti pomwepo. Thina ndi amene amachititsa penti kudzisalaza yekha: yambani ndi magawo 5 pa 100, yesani pagalasi loimika, muwonjezere pang'onopang'ono mpaka mizere ya burashi izizimiririka yokha popanda penti kuyenderera. Akayenderera ngati misozi, mwapaka wambiri kapena mwasungunula kwambiri.

Pa nkhani ya thanzi awiriwa safanana m'pang'ono pomwe. Hadena wa 2K ali ndi mankhwala a isocyanate amene amawononga mapapo ndipo angayambitse mphumu yosatha. Ndi rola ndi burashi, valani chophimba kumphuno cha makatiriji a mpweya wa thina, magolovesi a nitrile, ndipo mphepo izidutsa. Kamasiki ka pepala n'ka fumbi lokha. Kupopera 2K pakhomo musayese, kumafuna chophimba cholandira mpweya wabwino kuchokera kwina.

Nyengo imawononga makoti ambiri kuposa dzanja. Pentani kutentha kuli pakati pa madigiri 10 ndi 25 kapena kupitirira pang'ono, pamthunzi, chinyezi chisanapitirire 80 kapena 85 pa 100. Thupi la boti likhale lofunda ndi madigiri 3 kuposa pamene mame amayambira kugwa. Yambani m'mawa mame atauma, mumalize dzuwa lisanapendeke kwambiri. Mame akagwera 2K asanalimbe, m'mawa mupeza mbali yonse yachita chifunga, kuwala kulibe, ndipo muyenera kukwecha n'kubwereza. Thirani madzi pansi pozungulira boti kuti fumbi lisauluke.

Kuchuluka kwa penti kuwerengereni chonchi: phatikizani utali ndi ulifupi wa boti, chulukitsani kawiri, kenako chulukitsani ndi msinkhu wa mbali kuchokera pa mzere wa madzi kufika m'mphepete. Boti la mamita 6 m'litali, 2 m'lifupi, mbali ya mamita 0.6, likupatsani masikweya mita 9.6. Lita imodzi imakuta masikweya mita 10 mpaka 12 pa koti imodzi, ndiye makoti atatu afuna pafupifupi malita 3, kuwonjezera pa malita 2 a pulaima kapena andakoti (penti wapansi pa womaliza) wa makoti awiri. Makoti atatu opyapyala amaposa awiri onenepa. Enamelo wonenepa amauma pamwamba m'kati musanaume, n'kuchita makwinya. Pulaima, penti ndi thina zikhale za kampani imodzi.

Pali china chimene ochemerera 2K satchula kawirikawiri, kukonza pakakandika. Boti logwira ntchito limagunda miyala, doko ndi maboti anzake. Pa enamelo mumakwecha pang'ono, kudontheza penti ndi kaburashi, chigamba n'kusowa pakapita masabata. Pa 2K chigamba chimaoneka mpaka mutapentanso mbali yonse. Choncho boti la faiba losamalidwa, limene mwini wake ali wokonzeka kupala mpaka pa gelcoat ndipo ali ndi malo a mthunzi opanda fumbi, lipatseni 2K, ndipo lidzawala zaka zambiri. Boti la matabwa, boti la penti wosadziwika, boti logwira ntchito tsiku ndi tsiku, ndi munthu amene akupenta koyamba, onsewa apite ku chitini chimodzi cholimbitsidwa ndi polyurethane kapena silikoni.

Pansi pa mzere wa madzi nkhani ikusintha. Penti onse tatchulawa, 2K yemwe, amachita matuza akakhala m'madzi masiku ambiri osatuluka. Boti lokokeredwa kumtunda tsiku lililonse lingakhale nawo mpaka pansi, ndipo silifuna mankhwala oletsa ndere. Logonera m'madzi limafuna pulaima wa m'madzi, ndi pamwamba pake penti wa antifouling, woletsa ndere ndi tinkhono kumera. Uyunso ali pawiri. Wofewa amasungunuka pang'onopang'ono boti likamayenda, n'kumaonetsa mankhwala atsopano. Saunjikana chaka ndi chaka, koma amatha msanga pa boti lothamanga kapena lokwechedwa pafupipafupi. Wolimba amakhala pomwepo mankhwala okha n'kumatuluka. Amapirira liwiro ndi kukhuzidwa, koma makoko ake amaunjikana mpaka tsiku lina muyenera kupala onse. Wolimba sapakidwa pamwamba pa wofewa, amagwa naye limodzi. Ngati simukudziwa amene alipo, pakani pulaima wolekanitsa pakati. Pa aluminiyamu, antifouling wa cuprous oxide ndi mdani, mkuwa wake umadya thupi la boti mpaka kuboola. Funani wolembedwa kuti ndi wa aluminiyamu. Zitini zakale za antifouling wa mankhwala a TBT zisiyeni: pangano la 2001 la IMO, bungwe loona za maulendo a panyanja padziko lonse, limene linayamba kugwira ntchito mu 2008, linaletsa mankhwalawa chifukwa chowononga nkhono ndi zamoyo zina za m'madzi. Antifouling wakale amakwechedwa ndi madzi basi, osamuwotcha kapena kumukwecha wouma. Pakani makoti awiri, yachitatu pa mzere wa madzi, kumphuno ndi pa chiwongolero, pamene madzi amadya kwambiri, ndipo onani pachitini nthawi imene boti liyenera kulowa m'madzi mukamaliza.