Boba U4T pambuyo pa zaka zingapo ndili pa MX Brown: nkhani ili pa kabampu

Ine ndimatayipa tsiku lonse, ntchito yanga ndi yolemba basi, nde nkhani ya kiyibodi sindimaitenga mwachibwana. Kwa zaka zingapo maswichi anga, tizipangizo tomwe timakhala pansi pa mabatani a kiyibodi, anali Cherry MX Brown, pano ndasamukira pa Gazzew Boba U4T a 62g ndipo ndawagwiritsa ntchito miyezi yokwanira kuti ndinene zomwe zala zanga zapeza. Inu amene mukufuna maswichi a tactile koma mayina ambirimbiri aja akuzunguzani mutu, mwina izi zikuthandizani.

Maswichi alipo a mitundu itatu. A linear monga MX Red amangotsika myaa mpaka pansi, a clicky monga MX Blue amalira kete kete nthawi iliyonse wadina, ndiye a tactile ali ndi kabampu panjira, chala chimamva kuti chadumpha kenakake koma popanda kulira kuja. Kabampuko kamachokera pa timiyendo tiwiri ta stem, kapulasitiki kamtanda komwe batani limakhalapo kaja. Timiyendoti tili ndi kotupa pang'ono ndipo ukamadina timakhula pa kachitsulo kopyapyala ka mkati. Kukula kwa kotupako komanso pomwe kali, pamwamba kapena pakati, ndi zomwe zimasiyanitsa swichi ina ndi inzake, osati mtundu wa pulasitiki womwe maso akuona pa chithunzi.

MX Brown anatuluka mu 1994 ndipo ambirife tinayambira pomwepo. Amatsika mamilimita 4, chilembo chimalembeka pa mamilimita 2, ndipo kabampu kake ndi kakang'ono, kamabwera batani litatsika kale pang'ono. Ukamadina mofatsa ndi chala chimodzi umakamva bwinobwino. Koma ukayamba kuthamanga, mawu akubwera m'mutu ngati mvula, kamasowa, umangomva ngati swichi ya linear yomwe ikukhula penapake. Sindikuwanyoza ayi, anandisunga nthawi yaitali, ndi opepuka, satopetsa, ndipo munthu amene amasakaniza kulemba ndi magemu amamuyenera ndithu. Kungoti ine ndimafuna chala chizindiuza kuti chilembo chalowa, osachita kuyang'ana pa sikirini.

Tsiku loyamba pa U4T ndinaika chala pa J nkukankha pang'ono ngati mmene ndinazolowerera, batani osasuntha. Ndinawonjezera mphamvu pang'ono, lili phu, lagwera pansi kamodzinkamodzi. Kabampu kake kali pamwamba penipeni, palibe kampata kotsika kaye usanakapeze, ndipo ndi kakakulu kozungulira, sikobaya. Nde chimachitika ndi choti mphamvu yonse umaithera poyambirira, ukangodutsa pamenepo batani limapita lokha. Stem yake ili ndi kamtengo kakatali pansi kotero imagunda msanga, pa mamilimita atatu ndi pang'ono, ndipo kugundako ndi komwe kumatulutsa kaphokoso kokhuthala kaja, gu gu gu, komwe anthu amati thock.

Chomwe chinandigwira mtima si phokosolo koma ichi: ine ndikamaganiza chiganizo chotsatira ndimasiya zala zili khale pa A S D F ndi J K L, ndipo pa maswichi opepuka ndinkangozindikira pa sikirini pali jjjjj kapena ddd wosamuitana. Pa U4T zimenezo zinatheratu, zala zimapuma pamwamba pa mabatani ngati zatsamira khoma. Kulakwitsa kokhudza batani loyandikana nalo kunachepanso kwambiri chifukwa kungolikhudza m'mbali sikukwanira kulidutsitsa pa bampu. Kwa munthu wolemba masamba ambiri patsiku imeneyi si nkhani yaing'ono.

Tsono za magalamu zija, apa ndi pomwe ambiri amasochera pogula. Nambala yomwe imalembedwa pa swichi siitanthauza chinthu chimodzi kwa makampani onse. Cherry akati Brown ndi 45 akunena mphamvu ya pamalo pomwe chilembo chimalembeka, pomwe pamwamba pa kabampu pamafunika 55. Koma 62g ya pa U4T ndi mphamvu ya sipuling'i ikafika pansi penipeni. Nde simungangoika 45 ndi 62 pambali nkunena kuti kusiyana kwake ndi 17, ndi miyeso ya malo osiyana. Maswichi awiri atha kukhala ndi sipuling'i yofanana koma wina nkumamveka wolemera kwambiri chifukwa bampu yake ndi yaikulu ndipo ili pamwamba. Funsani kaye kuti bampu ili pati komanso ndi yaikulu bwanji, magalamu abwere pambuyo.

Zovuta zake zilipo, ndisabise. Sabata yoyamba kachala kakang'ono kakumanzere kankatopa madzulo, kaja kamadina A ndi Shift, mpaka kanazolowera. Amene muli ndi vuto la kuwawa kwa mkono kapena zala ganizirani kawiri, U4T a 68g, omwe ndi olemererapo, musawayandikire nkomwe poyamba. Phokoso nalonso lilipo, silobaya m'makutu ngati la Blue koma mu ofesi ya anthu ambiri kapena pa kolo mayikolofoni ili yotsegula anzanu alimva ndithu. Zikatero bola mchimwene wake, Boba U4 wopanda T, ameneyo ali ndi timalabala tofewa pa stem toletsa phokoso, bampu ilipo koma kugunda pansi kumamveka ngati waponda pa kapeti. Pa magemu ofuna kudina batani limodzi mobwerezabwereza mwachangu U4T amachedwetsa, chifukwa bampu ija umakumana nayo potsika komanso pokwera.

Ena omwe ndinawayesa ndisanasankhe: Holy Panda, omwe mbiri yawo ndi yosangalatsa chifukwa sanayambire ku fakitale, anthu okonda makiyibodi ndi amene anatenga stem ya swichi ya Halo nkuiika mu kabokosi ka swichi ina, Invyr Panda, nkupeza kuti zikumveka bwino kuposa onse awiri. Bampu yawo ndi yozungulira komanso yamphamvu, amayandikana ndi U4T koma kulira kwawo ndi kokwererapo. Zealio V2, omwe amapangidwa ndi Gateron, alipo a 62g, 65g, 67g ndi 78g, bampu yawo ndi yaikulu zedi ndipo kwa ine inali ikulamulira chala mopitirira. Durock T1 ali pakatikati, abwino ndithu. MX Clear ndi Brown wamkulu tingotero, bampu yomveka koma sipuling'i yake imalimba kwambiri ukamayandikira pansi, ena amaikonda chifukwa imawaletsa kumenyetsa batani. Kuchuluka kwa mayina konseku kunabwera patent ya Cherry, yomwe inkaletsa ena kukopera maswichi ake, itatha, makampani ngati Gateron, Kailh ndi Outemu atayamba kupanga momasuka maswichi a mtanda womwewo, ndipo U4T amapangidwa ku Outemu komweko.

Kabolodi koyesera maswichi kaja, ka tester, kamathandiza koma musakakhulupirire kwathunthu. Pamenepo umadina swichi imodzi ndi chala cholozera chomwe ndi champhamvu, mofatsa, uli tcheru kumvetsera. Kulemba kwenikweni sikuyenda choncho. Ngati kiyibodi yanu ndi ya hot-swap, yosafuna kuwotcherera, gulani maswichi khumi okha, muwaike pa mzere wapakati uja nkulemba nawo masiku atatu, kachala kakang'ono ndi kamene kadzapereke chigamulo.

Poika samalani. U4T ali ndi mapini 5, awiri achitsulo, kamtengo kapakati ndi awiri apulasitiki m'mbali. Bolodi yanu ikakhala ya mapini 3 mumangodula apulasitiki awiriwo ndi chowengera zikhadabo, sizisintha kanthu pa kamvekedwe. Achitsulowo ndi amene amapindika msanga. Ine nditamaliza kuika onse ndinapeza N sakulemba, kuzula swichi ndinapeza pini imodzi yagona chammbali pansi pake, ndinaikankha isanalunjike pa bowo. Ndinaiwongola ndi kopanira, kubwezera, basi yagwira. Gulaninso opitirira nambala ya mabatani anu, kiyibodi yaing'ono ya 60% ili ndi 61, TKL yopanda gulu la manambala la kumanja 87, yathunthu 104, nde owonjezera asanu kapena khumi amapulumutsa.

Za mafuta, apa ndikupemphani mumve. Pa maswichi a tactile musapake timiyendo ta stem tija, ngakhale kachitsulo komwe timakhulapo. Ndinalakwitsapo pa maswichi ena akale, ndinapaka Krytox 205g0 paliponse ndi kabulashi ngati mmene amachitira ndi a linear, nditatseka bampu yonse inali itafafanizika, ndinachita kutsegulanso imodziimodzi nkumapukuta usiku wonse ndipo ena sanabwerere mwakale. Ngati mukupaka, Tribosys 3203 ndi yopepukirapo, pakani pang'ono kwambiri m'mbali momwe stem imatsetsereka basi. U4T anga sindinawapake stem nkomwe, anabwera osalala mokwanira, ndinangothira kadontho ka Krytox 105 pa masipuling'i kuti kulira kwa nting'i kuja kusamveke.

Pano mmene ndaikira ndi chonchi: zilembo zonse zili pa U4T a 62g, pa Space ndinaikapo wa 68g mmodzi chifukwa batani lalitalilo ndi lolemera ndipo limafuna sipuling'i yolibweza msanga, pomwe pa Shift yakumanzere ndinabwezerapo Brown mmodzi wa pa kiyibodi yakale kuti kachala kakang'ono kaja kazipumako.