Kumene ndimadya mu London, ndi chifukwa chake ndimabwererako

Munthu amene wafika mu mzinda wa London ali ndi njala savutika kupeza chakudya, koma amavutika kusankha khomo loti alowe, chifukwa mu msewu umodzi wokha angathe kudutsa malo ophika zakudya za ku Lebanon, za ku Vietnam, za ku Ethiopia ndi za ku Italy asanafike n'komwe pokwerera basi. Ndadya m'malo ambiri a mzindawu, okwera mtengo ndi otchipa omwe, ndipo amene ndimawakumbukira ndiponso kubwererako ndi aja amene ophika ake anatenga chakudya chimene anthu ankachinyoza kapena kuchiyesa cha amphawi, n'kuchiphika mwaluso popanda kuchita nacho manyazi.

Malo oyamba m'maganizo mwanga ndi St. John, pafupi ndi msika wakale wa nyama wa Smithfield. Fergus Henderson, amene anaphunzira ntchito yojambula mapulani a nyumba osati yophika, anatsegula lesitilantiyi pamodzi ndi Trevor Gulliver m'chaka cha 1994, m'nyumba imene kale ankawambiramo nyama ndi utsi. Makoma ake ndi oyera mbee, alibe zithunzi, ndipo mulibe nyimbo, kotero kuti chimene mumamva ndi mawu a anthu ndi kulira kwa mipeni pa mbale. Mfundo ya Henderson ndi yakuti ngati nyama yaphedwa, ulemu wake ndi kuidya yonse, kuyambira kumphuno mpaka kumchira, ndipo n'chifukwa chake pa mndandanda wa zakudya, umene umasintha tsiku ndi tsiku, mumapeza mtima, impso, chiwindi, lilime ndi mapazi a nkhumba, zinthu zimene malesitilanti ambiri apamwamba a ku Britain anali atazitaya kalekale.

Chakudya chawo chodziwika kwambiri ndi mafuta a m'mafupa a ng'ombe. Amabweretsa mafupa ootcha ataimikidwa pa mbale, buledi wootcha pambali, mchere wonyowa pang'ono, ndi masamba a parsley osakaniza ndi tianyezi ndi zowawasira. Mumakolowola mafutawo ndi kachitsulo, n'kuwapaka pa buledi, n'kuwaza mchere, kenako n'kusanjika masamba aja pamwamba. Mafutawo paokha akanatha kukola msanga, koma kuwawasa kwa masamba kumawadula mphamvu, ndipo munthu amangozindikira kuti mafupa onse atsala ogoba. Chimene ndimayamikira kwambiri n'chakuti operekera zakudya, ovala majekete oyera, amadziwa chilichonse chimene chili pa mndandanda ndipo amafotokoza modekha kwa mlendo amene akuopa zam'kati mwa nyama, osamukakamiza ndiponso osamuchititsa manyazi. Kwa wosadya zimenezi nsomba ndi ndiwo zamasamba zilipo, ndipo nazonso zimaphikidwa mosamala. Pomaliza itanitsani timakeke totchedwa madeleine, timene amayamba kuphika pokhapokha mwatipempha. Mudikira kanthawi, koma timafika tikadali totentha. Malowa analandira nyenyezi ya Michelin m'chaka cha 2009.

Nyenyezi zimenezi zimafunika kuzifotokoza pang'ono, popeza zimatchulidwa paliponse pamene anthu akukamba za malo odyera. Michelin ndi kampani ya ku France yopanga matayala, imene inayamba kusindikiza buku lothandiza oyenda pa galimoto m'chaka cha 1900, ndipo kuyambira 1926 inayamba kupereka nyenyezi ku malo ophika bwino. Oyendera ake amadya mosadziwika ndipo amalipira okha, ndipo nyenyezi zimalekezera pa zitatu. Kwa zaka zambirimbiri ulemu umenewu unkagwera makamaka maphikidwe a ku France ndi ofanana nawo, ndipo ichi n'chifukwa chake nkhani ya lesitilanti ya Chishuru imandikhudza mtima.

Adejoké Bakare anabadwira ku Nigeria ndipo sanapite ku sukulu ya zophikaphika. Atapambana mpikisano wa ophika ongoyamba kumene, anatsegula kamalo kakang'ono kotchedwa Chishuru mu msika wa Brixton m'chaka cha 2020, nthawi imene mliri wa Covid-19 unkatseketsa malesitilanti ambiri. M'chaka cha 2023 anasamukira ku Fitzrovia, pakatikati pa mzinda, ndipo mu February 2024 anakhala mayi wachikuda woyamba ku Britain kulandira nyenyezi ya Michelin. Ku Chishuru simusankha mbale imodzi imodzi monga kwina. Mumalandira zakudya zingapo motsatizana monga wophika wakonzera, ndipo mbali yanu ndi kusankha ndiwo yaikulu. Maphikidwe ake ndi a kumadzulo kwa Africa, ogwiritsa ntchito nyemba, mpunga wosasitsa, nthanga za egusi ndi tsabola wamitundumitundu. Tsabolayo sanamuchepetse mphamvu pofuna kusangalatsa lilime la alendo, komabe sawotcha pakamwa mpaka kubisa kukoma kwa zina zonse, ndipo kulinganiza kotereku ndi luso limene ophika ochepa okha ali nalo. Chaka chomwecho cha 2024 lesitilanti ya Akoko, yophikanso za kumadzulo kwa Africa, yomwenso ili ku Fitzrovia, inalandira nyenyezi yake, pamene Ikoyi, yotchedwa dzina la dera lina la mu Lagos, inali italandira kale ziwiri m'chaka cha 2022. Kumalo onsewa muyenera kusungitsa tebulo kukadali masabata angapo.

Okonda mbiri yakale apite ku Rules, mu msewu wa Maiden Lane ku Covent Garden, imene Thomas Rule anatsegula m'chaka cha 1798 ndipo imadziwika kuti ndiyo lesitilanti yakale kwambiri mu London. Mphamvu yake ili pa nyama zakutchire, ndipo nyengo yabwino yopitako ndi pambuyo pa 12 August, tsiku limene lamulo limalola kuyamba kusaka mbalame yotchedwa grouse, yofananako ndi nkhwali. Pa Regent Street pali Veeraswamy, yophika zakudya za ku India kuyambira 1926. Malo awiriwa ndi aulemu ndipo mtengo wake ndi wokwera, choncho ndi oyenera tsiku lapadera.

Thumba likapepuka, kwerani sitima yapansi panthaka kulowera kum'mawa. Ku Brick Lane kuli Beigel Bake, yomwe yakhalapo kuyambira 1974 ndipo siitseka usana ndi usiku. Amagulitsa buledi wobulungira wa Ayuda, woyamba wawiritsidwa asanaphikidwe mu uvuni, n'kuikamo nyama ya ng'ombe yamchere yodula mochindikala ndi mpiru wopera wowawa. Mzere umatha kufika panja, koma umayenda mofulumira, ndipo pa mzerewo mumaima pamodzi oyendetsa matakisi, anamwino ochokera ku ntchito ya usiku ndi alendo odzaona mzinda. Chapafupi, ku Whitechapel, kuli Tayyabs, ya banja lochokera ku Pakistan, yomwe inayamba m'chaka cha 1972 ndipo nthiti zake za nkhosa zootcha zimafika pa tebulo zikuthetheka pa chitsulo chamoto. Madera ena alinso ndi mbiri yawoyawo: Southall ndi kwa zakudya za ku Punjab, Green Lanes kwa za ku Turkey, Edgware Road kwa za Aluya, New Malden kwa za ku Korea, ndipo Gerrard Street ndiye mtima wa Chinatown.

Si khomo lililonse lowala limene lili ndi chakudya chabwino. Tsiku lina ndinalowa m'lesitilanti ina pafupi ndi Leicester Square nditakopeka ndi magetsi ndi zithunzi za pawindo, ndipo ndinalandira nyama youma gwa ndi mbatata zofunditsa, pa mtengo woposa umene ndikanalipira ku Whitechapel anthu awiri. Chinali chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere, ndipo kuyambira pamenepo ndimapewa malo amene munthu amaima pakhomo kuitanira odutsa. Ndimayang'ananso kachikwangwani kobiriwira ka ukhondo, kamene kamasonyeza nambala kuyambira 0 mpaka 5 malinga ndi zimene oyendera a khonsolo anapeza. Ku England lamulo silikakamiza kukapachika poonekera, kusiyana ndi ku Wales, koma zotsatira zake zimapezeka pa intaneti kudzera ku bungwe la Food Standards Agency. Pa bilu, malo ambiri okhala pansi amawonjezera 12.5 peresenti ngati ndalama yothokozera antchito, ndipo kuyambira pa 1 October 2024 lamulo limafuna kuti ndalama imeneyi ipite yonse kwa antchitowo, mwini malo osadulapo kanthu.

Malo amene ndimapitako ndikafuna chakudya cha London weniweni wa anthu ogwira ntchito ndi M. Manze, pa Tower Bridge Road. Michele Manze, amene banja lake linachokera ku Ravello ku Italy, anayamba kugulitsa pamenepa m'chaka cha 1902, ndipo m'katimo mukadali makoma a matailosi, mabenchi a matabwa ndi matebulo a mwala wa marble. Chakudya chake ndi chitumbuwa cha nyama ya ng'ombe yogaya, mbatata za kachewere zopondaponda zopakidwa m'mphepete mwa mbale, ndi msuzi wobiriwira wa parsley umene eni ake amautcha liquor ngakhale mulibe mowa. Palinso mkunga, wowiritsa kapena wozizira m'msuzi wake woundana, umene kale unali nsomba yotchipa ya mu mtsinje wa Thames. Mashopu a mtundu umenewu akucheperachepera pamene mabanja akale a kum'mawa ndi kum'mwera kwa mzindawu akusamukira kunja, ndipo zimenezi zimandimvetsa chisoni. Mukapitako fikani masana, chifukwa amatseka msanga, itanitsani pa kauntala, thirani viniga wa tsabola pa chitumbuwacho, ndipo mudye ndi supuni ndi foloko monga amachitira amene mwakhala nawo pa benchi.