Laputopu ya kampani imamvera likulu

Abale amene mukuphunzira za makompyuta kumudziko, m'makampani akuluakulu kuno kunja wantchito sadzisinthira yekha za chitetezo pa laputopu imene wapatsidwa. Malamulo onse amachokera malo amodzi: kutalika kwa password, mphindi zoti sikirini idzitseke, kuletsa ma USB, ngakhale kuchuluka kwa uthenga umene Windows imatumiza ku Microsoft.

Chida chakale pantchitoyi ndi Group Policy, yomwe inabwera ndi Windows 2000 ndipo imadalira Active Directory, kaundula wa pa seva wosunga makompyuta ndi antchito onse a kampani. Lamulo mumalilemba kamodzi n'kulimangirira ku gulu la makompyuta lotchedwa OU. Kompyuta iliyonse imakatenga malamulo atsopano pa mphindi 90 zilizonse, kuwonjezerapo zina zosapitirira 30 kuti zonse zisathithikane pa seva nthawi imodzi. Mukafuna zachangu, lembani gpupdate /force mu Command Prompt ya kompyutayo.

Pomwe ambiri amapunthwa ndi pa ndondomeko yake. Malamulo amalowa motsatana: a pakompyuta pomwepo, a Site (malo amene kompyutayo ili pa netiweki), a Domain (netiweki yonse ya kampani), kenako a OU, ndipo akatsutsana, lomwe lalowa pomaliza ndi limene limagwira. Munthu amalemba lamulo labwinobwino ku Domain, osadziwa kuti lina la pa OU likulifafaniza. Musamangoganizira, kulemba gpresult /r kumaonetsa amene alowa ndi amene akanidwa. Za Chrome mumaziona pa chrome://policy.

Laputopu yomwe ili kunyumba yopanda VPN (njira yotetezeka yolowera mu netiweki ya kampani muli kutali) siifikira seva, choncho imatsalira ndi malamulo akale. N'chifukwa chake makampani ambiri asamukira ku Intune, chida cha Microsoft chotumizira malamulo, yomwe imadutsa pa intaneti, kungoti nthawi zambiri imayang'ana zatsopano pakapita maola pafupifupi 8.

Chimene chimatiwawa kwambiri ndi BitLocker, chida cha Windows chotsekera disiki kuti mlendo asawerenge zamkati. Kutseka disiki n'kofunika, koma yambani mwaika lamulo loti kiyi yotsegulira, ya manambala 48, isungidwe ku Active Directory kapena Entra ID (kaundula wa Microsoft wa pa intaneti) kutsekako kusanayambe. Mukaiwala, tsiku limene motherboard idzasinthidwe kompyuta idzafunsa kiyi yomwe palibe ali nayo, ndipo mafayilo onse adzakhala atapita.

Lamulo latsopano liyambe pa makompyuta ochepa, mwina khumi, kwa sabata yathunthu. Lolakwika likapita kwa onse, pomatha maola awiri kampani yonse yaima. Ndipo amene mudzagwire ntchito ku mayiko a European Union mudziwe kuti pansi pa GDPR, lamulo loteteza zinsinsi za anthu lomwe linayamba kugwira ntchito pa 25 May 2018, zinsinsi za anthu zikabedwa, kampani ili ndi maola 72 okha, kuchokera pamene yadziwa, oti idziwitse akuluakulu oyang'anira.