Chithunzi chigulitsidwe kugalare kapena pa Facebook?

Wojambula akasiya chithunzi kugalare (malo oonetsera ndi kugulitsira zojambula), monga La Caverna ku Mandala House mu Blantyre, ogula amabwera okha: alendo ndi anthu osonkhanitsa zojambula, amene amafuna kusuzumira pafupi kuti aone mmene burashi inadutsira. Chithunzi chachikulu chodula, ine ndimati chipite kumeneko. Koma galare imadula gawo lake, ku London ndi New York kawirikawiri theka la mtengo, ndipo ndalama umaiona chithunzi chikagulidwa, mwina patatha miyezi.

Pa Facebook ndi Instagram palibe wokudula, wogula amangotumiza pa Airtel Money kapena Mpamba. Kungoti foni imanamiza mtundu wa penti, ndipo ofunsa kuti "zingati?" n'kusowa ndi ambirimbiri. Wogula akakhala ku Johannesburg, kukulunga ndi kutumiza chithunzicho ndi mutu wako.