Kuyandikitsa ndi kutalikitsa pulani mu AutoCAD: mbali zimene zili bwino ndi zimene zikanakonzedwa

Munthu wojambula mapulani a nyumba kapena a misewu pa kompyuta amataya nthawi yambiri akusintha mmene chojambula chake chikuonekera pa sikirini. Amayandikitsa kuti aone ngati mizere iwiri yakumanadi pa kona, amatalikitsa kuti aone chipinda chonse, amasunthira kumbali, kenako amabwerera pamene anali. N'chifukwa chake ndikuona kuti AutoCAD, pulogalamu imene kampani ya Autodesk inatulutsa koyamba mu 1982, ndi yofunika kuiyeza pa ntchito yooneka yaing'ono imeneyi, pakuti ndi imene dzanja limabwereza tsiku lonse.

Kagudumu ka pakati pa mausi ndi kamene kamasenza ntchito yaikulu, ndipo apa pulogalamuyi ndi yoyenera kuiyamikira. Mukakazunguza chakutsogolo pulani imayandikira, mukakabweza imatalikira, ndipo imayandikira pamalo penipeni pamene mwaloza, osati pakati pa sikirini. Mukakapanikiza n'kukoka mausi, pulani yonse imasuntha, ndipo zonsezi mungazichite muli pakati pojambula mzere popanda kusiya lamulo limene munayamba. Chimene sindigwirizana nacho ndi mlingo umene kagudumuka kamabwera nawo. Mlingowo umatchedwa ZOOMFACTOR, umayambira pa 3 kulekeza pa 100, ndipo pulogalamu imabwera uli pa 60, umene ndi waukulu kwambiri kwa munthu amene akujambula felemu ya chitseko, chifukwa kagudumu kakangoyenda pang'ono pulani imadumpha. Mukautsitsira pa 20 kapena 30, pulani imayenda mofatsa. Palinso ZOOMWHEEL, imene imatembenuza kayendedwe ka kagudumu kwa anthu amene anazolowera SolidWorks, pulogalamu ina yojambulira, mmene kuzunguza chakutsogolo kumatalikitsa. Zonse ziwiri n'zothandiza, koma wongoyamba kumene sangazitulukire msanga, chifukwa ayenera kudziwa dzina lake ndi kulilemba pa mzere wa malamulo.

Lamulo la ZOOM lili ndi nthambi zingapo, koma imene ili yofunika kuimvetsa bwino ndi Extents, imenenso imabwera mukadina kagudumu kawiri motsatizana. Ntchito yake ndi kukwanitsa pa sikirini chinthu chilichonse chooneka chimene chili m'chojambulacho, ngakhale chitakhala kutali bwanji. Nthambi ya All imasiyana nayo pang'ono, chifukwa imawerengeranso malire amene anaikidwa ndi lamulo la LIMITS. Vuto limaonekera kwambiri pa mafayilo ochokera kwa akatswiri oyeza malo. Dziko la Malawi lili m'chigawo 36 cha kummwera pa dongosolo la UTM, limene limasonyeza malo a pa dziko lapansi ndi manambala a mamita, kotero puloti ya mu Lilongwe imakhala pa nambala yoposa mamita 8,400,000 kuchokera pamene kuwerenga kumayambira. Wina akangosiya chizindikiro cha mtengo kapena mawu ochepa pa 0,0, poyambira kuwerenga paja, Extents imakakamizika kuonetsa mtunda wa makilomita oposa 8,000 pa sikirini imodzi, ndipo puloti ya mamita 30 imasanduka kadontho kosaoneka n'komwe. Munthu amaona mdima wokhawokha n'kuganiza kuti fayilo yawonongeka, pamene ntchito yake yonse ilipo.

Njira yotulukira m'vutoli ndi yachidule kwa amene akuidziwa. Mukadina Ctrl ndi A, zinthu zonse zimasankhidwa, ndipo ngati sizikuposa 100, timabokosi tabuluu timaonekera m'makona awiri otalikirana, kwina kuli pulani yeniyeni, kwina kuli chosokeracho. Mukachifufuta n'kudinanso kagudumu kawiri, pulani imadzaza sikirini. Nthambi ya Previous, imene imakumbukira maonekedwe 10 apitawo, imathandiza kubwerera pamene munali musanasokonezeke. Kunena zoona pulogalamu siinalakwe, yachita zimene inauzidwa, koma ndikuona kuti pulogalamu ya zaka zoposa 40 ikanatha kuchenjeza munthu pomwepo kuti chinthu chimodzi chili kutali modabwitsa ndi zinzake.

Palinso chizolowezi chakale chimene sichinatheretu. Nthawi zina kagudumu kamakana kutalikitsa, ndipo pansi pamatuluka uthenga wakuti "Already zoomed out as far as possible", ngakhale kuti mbali ina ya pulani idakali kunja kwa sikirini. Chifukwa chake n'chakuti pulogalamu imasunga chithunzi chimene inawerengeratu kuti iziyenda mwachangu, ndipo mukafika m'malire mwa chithunzicho pamafunika lamulo la REGEN kuti iwerengenso. Chifukwa chomwechi ndi chimene chimachititsa kuti mzere wozungulira uzioneka wa makonamakona mukauyandikitsa kwambiri. Lamulo la VIEWRES, limene limalola nambala kuyambira 1 mpaka 20,000, limausalaza, ndipo ndi bwino kudziwa kuti makonawo ndi a pa sikirini pokha, osati m'miyeso ya chojambulacho. Pa makompyuta a masiku ano okhala ndi khadi la zithunzi lamphamvu, zimenezi sizichitikachitika monga kale.

Pamene kuyandikitsa kungawonongetse ndalama ndi pa tsamba losindikizira, limene limatchedwa layout. Kumeneko pulani imaonekera pa windo, ndipo kuyandikitsa mkati mwa windolo n'kusintha sikelo imene idzasindikizidwe pa pepala. Ngati zonse zili m'mamilimita, kulemba 1/100XP pa lamulo la ZOOM kumapereka sikelo ya 1:100. Koma windo likakhala losakhoma, kugunda kagudumu kamodzi kokha kumasintha sikeloyo mwakachetechete, pepala n'kutuluka litalembedwabe 1:100, ndipo mmisiri amene akuyeza ndi rula pamalo omangira amapeza muyeso wolakwika wa khoma. Chizindikiro cha loko chilipo pa mzere wa m'munsi, ndipo chimagwira ntchito bwino, koma ndikanakonda kuti windo lililonse lizidzikhoma lokha sikelo ikangoikidwa.

Pa zojambula za 3D pali ViewCube, kabokosi ka pakona pa sikirini, imene inabwera ndi AutoCAD 2009, ndipo imathandiza kuona nyumba kuchokera pamwamba, kutsogolo kapena chapakona mwa kungodina. Kupanikiza Shift pamodzi ndi kagudumu kumatembenuza chojambulacho. Pa laputopu yopanda mausi zonsezi n'zotopetsa, kotero mausi ya kagudumu kolimba ndi yofunika kuigula musanayambe ntchito.

Nkhani ya mtengo siingalambalalidwe. Kuyambira 2016 Autodesk inasiya kugulitsa laisensi yogula kamodzi, ndipo tsopano munthu amalipira pamwezi kapena pachaka, ngakhale kuti ophunzira oyenerera amaloledwa kuigwiritsa ntchito kwaulere. Pulogalamu ina yojambulira, FreeCAD, imene mtundu wake wa 1.0 unatuluka mu Novembala 2024, ndi yaulere ndipo imalola munthu kusankha kayendedwe ka mausi pa mndandanda woonekeratu, chinthu chimene AutoCAD ingatengerepo phunziro. Komabe kwa amene ntchito yake ndi mapulani a 2D m'mafayilo a DWG (mtundu wa mafayilo a AutoCAD) tsiku ndi tsiku, AutoCAD LT, imene ndi yotsikirapo mtengo, ili ndi ZOOM, REGEN ndi mawindo a layout omwewa, ndipo ndi imene ndingalangize ofesi yaing'ono kuti iyambire.