Google Flights ndi chiwerengero cha mpweya woipa wa ndege

Kuyambira mu 2021, tsamba la Google Flights, lofufuzira maulendo a ndege pa intaneti, limaonetsa, pambali pa mtengo wa tikiti, makilogalamu a mpweya wotenthetsa dziko wa carbon dioxide omwe ulendowo ungatulutse pa munthu mmodzi. Ndimaligwiritsa ntchito pokonza maulendo okaona malo, ndipo ndikuona kuti ndi lothandizadi, chifukwa ngakhale ndege zimatulutsa pafupifupi 2.5 peresenti ya mpweya umenewu padziko lonse, mlendo wamba analibe poyambira akafuna kuyerekeza ulendo wina ndi unzake.

Chimene chimandikhutiritsa kwambiri ndi momwe kusiyana kumaonekera msanga. Ulendo wosaima panjira kawirikawiri umakhala ndi nambala yotsika kuposa wosinthira ndege kwina, popeza kunyamuka kumadya mafuta ambiri, ndipo ndege zatsopano monga Airbus A350 ndi Boeing 787 zimamwa mafuta ochepa poyerekeza ndi zakale. Mukasankha mpando wa business class, nambala imakwera pomwepo, chifukwa mpandowo umatenga malo aakulu m'ndege. Maulendo otulutsa mpweya wocheperako amalembedwa mobiriwira, ndipo mungathe kusefa kuti atsale okhawo.

Komabe manambalawa ndi ongoyerekeza, ochokera ku njira yowerengera yotchedwa Travel Impact Model. Mu 2022 zinthu zina zotenthetsa dziko, monga mizere yoyera imene ndege zimasiya kumwamba, zinachotsedwa m'chiwerengerocho, zomwe zinadandaulitsa akatswiri ena. Ine ndimadalira manambalawa posankha pakati pa maulendo awiri opita kumalo amodzi, osati poyeza chiwonongeko chonse cha ulendo.